Manambala Awiri a M'kabuku ka Chipatala

Munthu wotsika ndi msewu wa ku Mzuzu, akapatukira kumwera kulinga ku Chintheche asanafike padoko la Nkhata Bay, amalowa m'dziko la mvula yambiri, lobiriwira ngakhale m'chilimwe, dziko la chinangwa, la mitengo ya mphira ya ku Vizara ndi la nsomba za m'nyanja. Ndipo m'chigwa cha dziko limenelo ndimo mwagona dambo la Limphasa, kumene anthu akhala akulima mpunga wothirira chiyambire masiku a Kamuzu, pamene boma linakumba ngalande za sikimu. Eni dziko, Atonga, pamodzi ndi alendo amene anadza kudzalima nawo, ndi anthu a manja olimba, amene dzuwa limawatulukira ali m'matope kuwokera mbande, kapena ali m'bwato kuchokera ku usodzi wa usiku. Kotero kuti mlendo wowaona angathe kulumbira kuti nthenda ya kuthamanga kwa magazi, imene ambiri amangoitchula kuti BP, siingapeze pokhala pakati pawo, popeza mbiri imene inawanda ndi yakuti imeneyo ndi nthenda ya mabwana a m'tauni, odya zonona ndi otsamira pa mipando ya ndalema.

Komatu m'nyumba zomwezo, pansi pa sutikesi kapena m'jumbo yopachikidwa pamsomali, mumasungidwa timabuku ta chipatala, ndipo wotsegula timabuku ta anthu amene apyola zaka 40 sadzachedwa kupeza tsamba limene namwino analembapo manambala awiri olekanitsidwa ndi kamzere kopendekera, monga 160/100, ndi pansi pake zilembo zina zofulumira zimene adokotala okha ndiwo amaziwerenga. Mwini kabuku amakumbukira kuti anapatsidwa timapiritsi m'kapepala. Tanthauzo la manambalawo salidziwa, ndipo sanafunse, chifukwa mzere unali wautali, adokotala anali otopa, ndiponso ife tinaleredwa kuti munthu wophunzira sapanikizidwa ndi mafunso. Ulemu umenewu ndi wokoma m'malo ake, koma pa nthenda iyi ukutiika m'manda nthawi isanakwane. Pakuti malungo munthu amawamva yekha m'mafupa, pamene BP, masiku ambiri, ilibe mboni ina koma manambala awiriwo, ndipo wosadziwa kuwawerenga amakhala mlendo pa mlandu wa thupi lake lomwe.

Mlimi wa m'sikimu safunika kuphunzitsidwa za madzi. Amadziwa kuti ngalande ikadzala matope ndi udzu niyamba kupapatiza, madzi omwewo amakankha makoma ake ndi mphamvu yoposa, ndipo tsiku lina amaboola pamene pali pofooka, nakokolola munda umene anayenera kuuthirira. Momwemonso mtima umapopera mwazi m'mitsempha usana ndi usiku, ndipo chimene achipatala amayeza ndi mphamvu imene mwaziwo ukukankhira makoma a mitsempha. Nambala ya pamwamba ndi mphamvu ya pa nthawi imene mtima wafinya kuti utulutse magazi. Ya pansi ndi mphamvu imene imatsala m'mitsempha pamene mtima wamasuka kuti udzazenso. Kwa munthu wamkulu wathanzi manambalawa amakhala cha pa 120/80 kapena kutsikirako pang'ono. Akafika 140 pamwamba, kapena 90 pansi, nakhala pomwepo pa masiku osiyana, imeneyo ndiyo nthenda, ngakhale itakwera nambala imodzi yokha inzake ili bwino. Ndipo mphamvu yopitirira ikakhala zaka, imaumitsa mitsempha, imaphulitsa kapena kutseka ya mu ubongo munthu nafa ziwalo, imaononga tosefera ta mu impso, imachititsa khungu, ndipo mtima womwe, pogwira ntchito yolemera kosalekeza, umayamba wanenepa mnofu wake, pambuyo pake nulefuka.

Chakudza sichiimba ng'oma. Alipo ambiri amene amati amadziwa okha BP yawo ikakwera, poti mutu umawawa kunkhongo kapena amamva chizungulire. Koma mutu umawawa pa zifukwa zosawerengeka, dzuwa, njala, malungo, nkhawa ya ngongole ya feteleza, ndipo anthu ochuluka amene manambala awo ali pa 170 kapena 180 amadzuka m'mawa ali bwinobwino, nasenza thumba la mpunga osadandaula kanthu. Tisawaseke agogo athu pa kusadziwa kumeneku, popeza ndi asing'anga a ku Ulaya omwe anachedwa nako. Pamene Dr Robert Laws anasamutsira mishoni ya Livingstonia ku Bandawe m'chaka cha 1881, lamba wopopa uja timamangidwa pamkono anali asanapangidwe. Anadzamupanga Scipione Riva-Rocci wa ku Italy mu 1896, ndipo mu 1905 Nikolai Korotkoff, dokotala wa asilikali ku Russia, ndiye anapeza kuti pomvetsera kugunda kwa mtsempha pamene lamba akuphwa, munthu angapeze manambala onse awiri. Ngakhale atadziwa kuyeza, madokotala ambiri anakhala zaka akukhulupirira kuti munthu wokalamba amafunika mphamvu yokwera kuti magazi afike ku ziwalo zake, ndi kuti kuitsitsa n'kumulakwira. Franklin Roosevelt, mtsogoleri wa dziko la America, amene sanasowe dokotala tsiku ndi limodzi lomwe, anamwalira mu April 1945 mtsempha utaphulika mu ubongo, BP yake itakhala yokwera kwa zaka. Mpaka mu 1967 ndi pamene kafukufuku wochitika pa asilikali opuma a dziko lomwelo anaonetsa poyera kuti omwa mankhwala otsitsa BP amapulumuka ku sitiroko ndi kulefuka kwa mtima kuposa osamwa.

Ku Africa kuno nkhaniyi ili ndi mbiri yakeyake, yofunika kuilingalira. Mu 1929 dokotala wina wa Chingerezi, C. P. Donnison, amene ankagwira ntchito pakati pa anthu a m'mbali mwa nyanja ya Victoria ku Kenya, analemba kuti mwa odwala pafupifupi 1,800 amene anagonekedwa m'chipatala chake pa zaka ziwiri, sanapezemo ndi mmodzi yemwe wa nthenda iyi, ndi kuti BP ya anthu a kumeneko sinkakwera ndi ukalamba monga inkachitira ya azungu. Patapita zaka zoposa 50, ofufuza ena anatsatira anthu a mtundu wa Aluo ochoka m'midzi ya dera lomwelo kupita ku Nairobi, napeza kuti m'miyezi yowerengeka chabe BP yawo inayamba kukwera, pamodzi ndi kulemera kwa thupi ndi mchere wa m'chakudya. Magazi anali omwewo. Chinasintha ndi kadyedwe ndi kakhalidwe. Tsono tauni ija lero yatitsatira kumudzi: ili m'chiwaya cha tchipisi pamsika, ili mu timagolosale togulitsa zokometsera ndiwo za m'mapaketi, ili m'njinga yamoto imene yalowa m'malo mwa miyendo, ili m'tiyi wa masupuni anayi a shuga. Ndipo pamwamba pa zonsezi, chimene tiyenera kuthokoza, anthu akukhala ndi moyo zaka zambiri kuposa makolo awo, nafika pa msinkhu umene mitsempha imauma.

Kuno kwathu, kafukufuku wa dziko lonse amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 mothandizana ndi bungwe la WHO anapeza kuti mwa anthu a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anali ndi BP yokwera, kuti atatu mwa anayi anali asanayezedwepo chibadwire, ndi kuti mwa opezeka nayowo oposa 90 pa 100 alionse sankadziwa. Pakati pa 2013 ndi 2016 bungwe la MEIRU linayeza anthu pafupifupi 29,000, ena ku Area 25 mu Lilongwe, ena m'midzi ya ku Chilumba m'boma la Karonga, anthu a m'mbali mwa nyanja, asodzi ndi alimi a chinangwa ndi mpunga ofanana ndithu ndi a ku Limphasa. Ndipo linapeza nthendayi mwa munthu mmodzi pa asanu ndi awiri alionse, oposa theka la iwo osadziwa. Wowerenga angadabwe kuti ziwerengero ziwirizi zatalikirana chotere, ndipo chifukwa china n'chakuti ofufuza achiwiriwa anawerengera ndi achinyamata omwe kuyambira zaka 18. Koma chimene ine ndikuchiona chachikulu m'kafukufuku wa MEIRU n'chakuti kumudzi ndi kutauni kunasiyana pang'ono pokha. Mbiri ija ya nthenda ya mabwana inathera pamenepo.

Popeza mlandu wonse wagona pa nambala, nambalayo iyenera kutengedwa mwachilungamo. Munthu amene wayenda wapansi mtunda wautali, kapena wagwedezeka pa kabaza, nafika pachipatala cha Chintheche ali wefuwefu ndi mantha a yunifolomu yoyera, akayezedwa nthawi yomweyo adzapezeka ndi nambala yonama. Ayambe wakhala pansi mphindi 5, atataya madzi, asanasute fodya kapena kumwa tiyi ndi khofi m'theka la ola lapitalo. Msana utsamire, mapazi onse apondetse pansi osapingasa miyendo, mkono ugone pathebulo molingana ndi chifuwa, ndipo asayankhule pamene lamba akufufuma. Lamba wamng'ono pa mkono waukulu amakweza nambala popanda chifukwa. Kuyeza kamodzi sikugamula mlandu: achipatala amabwereza, ndipo amamuitananso munthu tsiku lina, pokhapokha nambala itafika 180/110 kapena kupyola, pamene sayenera kumubweza kunyumba chimanjamanja. Masiku ano ana athu a ku Joni, a ku Johannesburg ndi Cape Town, amene boma la Nkhata Bay lakhala likutumiza kumeneko chiyambire nthawi ya makolo, amatumizira makolo awo makina oyezera kunyumba, ndipo ndi mphatso yoposa bulangete. Koma osankha asankhe omanga pamwamba pa chigongono, popeza omanga padzanja amanama kawirikawiri. Makina amenewa amaonetsa nambala yachitatu pansi, ndipo yadetsa nkhawa anthu ambiri pachabe: imeneyo ndi kugunda kwa mtima pa mphindi imodzi, kumene kwa munthu wopumula kumakhala pakati pa 60 ndi 100.

Akapezeka nayo nthenda, funso lotsatira la dokotala ndi lakuti yaononga kale chiyani, ndipo apa ndi pamene pamachokera mapepala ena aja amamatidwa m'kabuku. Chophweka koposa ndi mkodzo: amaviikamo kapepala kosintha mtundu, ndipo kakaonetsa puloteni, ndiye kuti impso zayamba kudontha zimene zinayenera kusunga. M'magazi amayezamo creatinine, nyansi imene impso zathanzi zimachotsa. Ikachuluka, impso zafooka, ndipo dokotala amasankha mankhwala mosamala. Amayezanso shuga, pakuti nthenda ziwirizi zimakonda kuyendera limodzi ndipo zikakumana zimafulumizitsa chionongeko. Munthu asanadye kanthu m'mawa, nambala ya 7.0 kapena kupyola, imene pa makina ena imawerengedwa 126, ndiyo yoloza ku nthenda ya shuga. Kumene zipangizo zilipo amayezanso mafuta a m'magazi.

Koma pepala limene limaopsa anthu koposa ndi la ECG, lalitali, la timizere tokwera ndi kutsika. Wodwala amagonekedwa, namatidwa timawaya pachifuwa, m'manja ndi m'miyendo, ndipo alipo amene amaumitsa thupi poyesa kuti alowetsedwa magetsi. Koma makinawo salowetsa kanthu, amangomvetsera timagetsi tating'ono timene mtima womwe umapanga pogunda. Anayambitsa zimenezi ndi Willem Einthoven wa ku Leiden, m'dziko la Holland, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo makina ake oyamba anali aakulu kwambiri, wodwala ankaviika manja ndi mwendo m'ndowa za madzi amchere. Analandira nawo mphoto ya Nobel mu 1924. Pepalali limanena ngati mtima ukugunda mwadongosolo, ngati mnofu wake wanenepa, ndiponso ngati mbali ina inasowapo magazi. Zilembo za LVH zikalembedwa, zikutanthauza kuti chipinda chachikulu cha kumanzere, chimene chimapopera magazi m'thupi lonse, chakhuthala chifukwa cha katundu. Ndi chenjezo lakuti BP yakhala yokwera nthawi yaitali, ndipo mankhwala akamwedwa mokhulupirika kukhuthalako kumatha kubwerera m'mbuyo. Zilembo za AF zimanena za mtima wogunda mosokonezeka, umene magazi amatha kuundana m'kati mwake, chibuma n'kupita ku ubongo. Wotere amafunika mankhwala ena oletsa kuundana. Pali chinthu chimodzi chimene ndifuna wowerenga asunge: makina ambiri amadzilembera okha chigamulo m'Chingerezi pamwamba pa pepala, ndipo amafulumira kunena kuti zinthu sizili bwino, makamaka kwa anyamata owonda a chifuwa chopyapyala, amene timizere tawo timatalika mwachibadwa. Mdzukulu wa ku sekondale akawerengera agogo ake mawu amenewo, nyumba yonse imagona ndi chisoni, pamene dokotala akanangoti palibe kanthu. Ndipo mbali inayo ilinso yoona: ECG yabwino siitanthauza kuti BP yatha.

Chithunzi cha X-ray chimaonetsa kukula kwa mtima, ndipo ukapyola theka la m'lifupi mwa chifuwa amati wakula. Chimaonetsanso ngati madzi adzala m'mapapo. Choona zambiri ndi echo, sikani yofanana ndi imene amaunikira nayo amayi oyembekezera, imene imaonetsa mtima ukugunda, zitseko zake zikutseguka ndi kutsekeka. Zoyeza zimenezi sizipezeka pachipatala chilichonse, ndipo wodwala kawirikawiri amalemberedwa kalata yokwera nayo mapiri kunka kuchipatala chachikulu, monga cha Mzuzu Central. Pa pepala la echo pamakhala zilembo za EF ndi nambala pambali pake, yonena gawo la magazi limene mtima umatulutsa pa kufinya kumodzi. Mtima sudzikhuthula wonse, chotero woona 60 asalire kuti 40 yatayika. Pakati pa 55 ndi 70 ndi pabwino, ndipo ikatsikira pa 40 kapena pansi ndi pamene amati mtima walefuka, nthenda ya kutupa miyendo, ya befu pokwera kachitunda, ya kugona chokhala chifukwa chogona chagada mpweya umathawa. Echo imavumbulanso nthenda ina imene siichokera ku BP konse, koma ku zilonda za pakhosi za ubwana zimene sizinalandire mankhwala, zimene pambuyo pake zimalumaza zitseko za mtima. Mwana kapena mtsikana wopezeka nayo amabayidwa jakisoni wa penicillin mwezi ndi mwezi kwa zaka zambiri. Ndipo kholo lililonse lidziwe kuti mwana wodandaula pakhosi ndi kutentha thupi ndi wopita naye kuchipatala, osati wongomuwiritsira mandimu.

Za mankhwala, mayina amene amalembedwa kawirikawiri m'timabuku ta ku Malawi ndi hydrochlorothiazide, amene amafupikitsidwa kuti HCTZ, amlodipine, enalapril, nifedipine ndi atenolol. Woyambayo amathandiza impso kutaya mchere ndi madzi, n'chifukwa chake amamwedwa m'mawa. Amlodipine amamasula mitsempha, ndipo kwa ena amatupitsa akakolo. Enalapril amateteza impso za odwala shuga, koma ena amawapatsa chifuwa chouma chosatha, ndipo mayi woyembekezera, kapena wofuna kutenga pathupi, sayenera kumwa. Zovuta zoterezi ndi zokanena kuchipatala kuti asinthe mtundu, osati zosiyira mankhwala mwakachetechete. Anthu ambiri amafunika mitundu iwiri kapena itatu pamodzi, ndipo zimenezi sizitanthauza kuti imfa yayandikira. Kwa nthawi yaitali madokotala a ku Africa ankatsata zofufuzidwa pa azungu. Koma mu 2019 zotsatira za kafukufuku wotchedwa CREOLE, wochitika pa odwala oposa 700 m'maiko asanu ndi limodzi a ku Africa kuno, Mozambique ali momwemo, motsogozedwa ndi Dr Dike Ojji wa ku Nigeria, zinaonetsa kuti mwa anthu akuda mankhwala awiri ophatikizapo amlodipine amatsitsa BP koposa awiri opanda iye. Cholinga cha zonsezi ndi nambala yosafika 140/90, ndipo kwa amene anadwalapo mtima, kapena ali ndi shuga kapena impso zofooka, madokotala amafuna ya pamwamba itsike kufika pansi pa 130.

Tsono ndifike pa cholakwa chimene chadzaza manda kuposa zina zonse. Munthu amamwa mankhwala mwezi umodzi kapena iwiri, napita kukayezedwa, namva namwino akuti lero zili bwino; ndipo amabwerera kwawo akuyamika Mulungu kuti wachira, nasiya. Nambala yabwinoyo inali ntchito ya mankhwala. Akachoka, m'masabata owerengeka imabwerera pamene inali, mwakachetechete monga inadzera poyamba, ndipo mudzi umadzadzidzimuka tsiku lina kumva kuti bambo uja anagwa m'munda, pakamwa papotoka. Pamenepo pamayamba kuloza zala, popeza kugwa kwa munthu wamphamvu dzuwa likuswa mtengo sikuoneka ngati nthenda ya Mulungu, ndipo mbale amene anakangana naye za malire a munda amasenza mlandu umene mwini wake ndi kabotolo kosiyidwa pawindo. Chodabwitsa n'chakuti phunziro limeneli Amalawi tinaliphunzira kale, ndi misozi yambiri. Chiyambire 2004, pamene boma linayamba kugawa ma ARV aulere, midzi yonse inadziwa kuti pali mankhwala amene munthu amamwa tsiku ndi tsiku moyo wake wonse ngakhale akumva bwino, ndipo anthu a ku Nkhata Bay, amene mliri wa Edzi unawakantha kolimba, akudziwa bwino amene anatsala ndi amene anapita. BP imafuna kukhulupirika komweko. Pemphero ndi labwino, ndipo sindidzanyoza mkhristu kapena msilamu wogwada chifukwa cha nthenda yake. Koma mlaliki wouza wodwala kuti ataye mapiritsi monga umboni wa chikhulupiriro, mwazi wa munthu ameneyo udzafunsidwa pa dzanja lake. Adyo, mandimu ndi masamba a chammwamba ndi zakudya zabwino. Wofuna kudziwa ngati zikutsitsa BP yake ayezedwe, aone yekha.

Pa chakudya, anthu a kunyanja anadalitsidwa kuposa ambiri: kondowole, usipa, utaka, chigwada, nyemba, mbatata ndi zipatso za nyengo ndi chakudya chimene madokotala a maiko olemera amachilakalaka pa odwala awo, ndipo nthochi, zimene nthenda ya chisaka inaononga minda yake yambiri m'boma la Nkhata Bay, zili ndi mchere wina wa chilengedwe wothandiza kutsitsa BP mwa munthu wa impso zabwino. Mdani ali m'dzanja la wophika ndi la wakudya. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapyole magalamu 5 a mchere patsiku, ndiko kuti kasupuni ka tiyi kosadzaza, kuwerengera wonse, wa m'ndiwo, wa m'buledi, wa pa kanyenya ndi wa m'zokometsera. Pamene ife timathira mumphika, ndi kuikanso kamulu pambali pa mbale, ena kuwaza asanalawe n'komwe. Soda wogula amene timafewetsera therere ndi masamba ali m'banja lomwelo la mchere, ndipo ambiri samuwerengera. Lilime limazolowera m'masabata ochepa ngati mchere uchepetsedwa pang'onopang'ono mumphika wa banja lonse. Kuphikira agogo kamphika kawokawo kozizira, ena onse akudya zokoma pamaso pawo, ndi chilango chimene palibe amachipirira mwezi wathunthu. Mowa wambiri, makamaka kachasu, umakweza BP. Fodya amaononga mitsempha yomweyo imene BP ikuikankha. Ndipo pali msampha wina wa alimi: msana ukawawa ndi kuwerama m'madzi tsiku lonse, amathamangira ku golosale kukagula brufen, indocid kapena diclofenac, nawamwa masiku ambiri, koma mankhwala amenewa amakweza BP, amafooketsa mphamvu ya mapiritsi ake, ndipo amapweteka impso. Kwa wa BP, panado ndiye wabwinoko.

Zilipo nthawi zimene munthu sayembekezera tsiku la kiliniki. Nkhope ikapotokera mbali imodzi, mkono kapena mwendo ukalefuka mwadzidzidzi, mawu akayamba kukokeka. Chifuwa chikathina ngati chapsinjidwa, thukuta lili kamukamu. Mpweya ukabanika munthu ali chikhalire: pamenepo afunefune galimoto ola lomwelo, usiku kapena usana, osayamba wapita kwa woombeza. Chimodzimodzi mayi woyembekezera amene wapyola masabata 20, akamva mutu waukulu, maso akuchita chidima, nkhope ndi manja zikutupa, kapena kupweteka pansi pa nthiti: imeneyo ikhoza kukhala BP ya pathupi, imene imafikitsa pa kukomoka ndi kutenga mayi ndi mwana tsiku limodzi. N'chifukwa chake kusikelo amayeza mkono ndi mkodzo. Ndipo mayi amene anadwalapo chotere, ngakhale atachira pobereka, aziyezedwabe chaka ndi chaka, chifukwa nthendayi imakonda kudzabweranso pa ukulu.

Sindifuna kusenzetsa wodwala katundu yense, ngati kuti boma lilibe mbali yake. Zipatala zathu zinamangidwa kulimbana ndi malungo, chifuwa chachikulu ndi uchembere, ndipo nthenda zokhalitsa zinazipeza zosakonzeka. Njira ilipo, ndipo inayesedwa m'dziko momwe muno: ku Neno, Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo anaphatikiza kiliniki ya ma ARV ndi ya BP, shuga, mphumu ndi khunyu, kuti wodwala aonedwe tsiku limodzi pa malo amodzi pafupi ndi kwawo, anaphunzitsanso madokotala a pa boma kuunika mtima ndi echo, ndondomeko yotchedwa PEN-Plus, imene inafikanso ku Karonga ndi ku Salima, ndipo mu 2022 nduna za zaumoyo za maiko a mu Africa zinagwirizana ku Lomé kuti ifalikire konse. Kufikira zotere zitakwanira ponseponse, wodwala adzithandize ndi pakamwa pake, pakuti safunsa anadya phula. Palibe chipongwe ponena mwaulemu kuti, "Adokotala, pepani, nambala yanga lero ndi chiyani, nanga iyenera kufika pati? Mankhwalawa dzina lake ndi chiyani, ndipo ndibwerenso liti?" Ambiri a iwo amakondwera ndi wodwala wotere, ndipo amene sadziwa kuwerenga apite ndi mwana kapena mdzukulu woti amve naye.

Dzina la mankhwala ndi lofunika pa chifukwa china chowawa: zimachitika kuti munthu wafika pawindo lolandirira mankhwala nauzidwa kuti atha, akagule. Wopita ku famase ya ku Nkhata Bay kapena ku Mzuzu atenge kabuku kake, osangoti ndikufuna toyera tating'ono tija, chifukwa amlodipine alipo wa 5 mg ndi wa 10 mg, ndipo maonekedwe a piritsi amasintha ndi kampani imene yapanga. Asabwereke a mnansi, ngakhale nthenda ili imodzi. Ndipo ngati ndalama inasowa nakhala masiku osamwa, akadzabwerera kuchipatala anene zoona za masiku amenewo, kuti dokotala, poona nambala yakwera, asawonjezere mankhwala poyesa kuti akale aja alephera.